Kamera ikhale pati pa makina otola ndi kuika tizipangizo?

Dzina la Chitala, ku Salima, limamveka kwambiri pa nkhani za mbewu. Pali siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi, ndipo pali mtedza umene unatengera dzina komweko, umene alimi amautchula pamodzi ndi CG7, Nsinjiro ndi Kakoma. Za mabodi a zamagetsi sizimveka. Komatu talowani m'nyumba za m'derali. Mupeza nyale ya sola, wailesi, foni ndi chaja chake, ndipo m'kati mwa chilichonse muli kabodi kobiriwira kodzaza tizipangizo tosafika n'komwe pa njere ya chitowe. Zikafa amapita nazo kwa wokonza pamsika, zikakanika pamenepo amakwera nazo ulendo wa ku Kamuzu Road m'tauni ya Salima. Wokonza amene watsegula nyale zambirimbiri amafika podzifunsa kuti, bwanji osangopanga bodi yangayanga? Mabodi asanu amatheka ndi twiza ndi maso akuthwa. Mabodi 200 amafuna makina. Mafunso ali m'munsiwa ndi a munthu amene wafika pamenepo, wasonkhanitsa mamota ndi malamba, ndipo watsala ndi kakamera m'manja osadziwa pokamangirira.

Choyamba, makinawa amagwira ntchito yanji, ndipo kamera ikufunanji pamenepo?

Dzina lake lodziwika ndi pick-and-place, kutanthauza kutola ndi kuika. Ali ndi mutu umene umayenda pamwamba pa tebulo, kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Pamutupo pali kamlomo konga singano ya jakisoni kamene kamayamwa mpweya. Kamlomoko kamatsika pa tepi imene munabwera tizipangizo, kuyamwa kamodzi, kukazunguza kuti kaloze koyenera, n'kukakatula pa bodi yopakidwa kale phala la mtovu. Bodi ikadzaza imalowa mu uvuni, mtovu n'kusungunuka n'kugwira zonse nthawi imodzi.

M'mafakitale makinawa ndi a ndalama zoopsa. Koma mu 2011 Jason von Nieda wa ku America anayamba pulogalamu yaulere yotchedwa OpenPnP, ndipo kuchokera apo anthu wamba akhala akudzipangira awo. Ena akhala akugula zipangizo zongolumikiza, monga LitePlacer ya Juha Kuusama wa ku Finland, kapena LumenPnP ya kampani ya Opulo, imene Stephen Hawes anaiyamba akuonetsa pa YouTube mmene akuipangira.

Kufunika kwa kamera kukuonekera pa kukula kwa zinthu zotoledwazo. Kachipangizo kotchedwa 0805 n'kotalika mamilimita 2, ka 0603 mamilimita 1.6, ka 0402 milimita imodzi ndipo m'lifupi ndi theka la milimita. Ma IC ambiri, tizipangizo ta miyendo yambirimbiri, ali ndi miyendo yotalikirana mamilimita 0.5. Palibe dzanja limene lingaike bodi patebulo pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku mosaphonya ndi kachigawo ka milimita. Makina ayenera kuona okha pamene bodi yagona lero.

Kamera imodzi siikwana?

Ikhoza kukuyambitsani, koma ambiri amakhala ndi ziwiri chifukwa mafunso ofunika kuyankhidwa ndi awiri. Yoyamba imakhala pamutu, imayenda nawo, ndipo imayang'ana pansi. Imafufuza timadontho ta kopa tozungulira, kawirikawiri ta milimita imodzi, timene wopanga bodi amasiya dala m'makona kuti makina azidziwira pamene bodi ili ndi mmene yapendekera. Imayang'ananso mabowo a m'mbali mwa tepi, amene amatalikirana mamilimita 4, kuti idziwe potolera.

Yachiwiri siyenda. Imakhala pansi pa tebulo, diso lili kumwamba. Kachipangizo kakayamwidwa sikakhala pakatikati penipeni pa kamlomo. M'kathumba kake ka pa tepi kamakhala kotakasuka, ndiye kamatoledwa kosunthira mbali kapena kokhota pang'ono. Mutu umadutsa nako pamwamba pa kamera yapansi, pulogalamu imaona kuphonyako, n'kukonza isanatule. Funso la kamera yam'mwamba ndi lakuti ndikaike pati. La yapansi ndi lakuti ndagwira bwanji.

Nanga bwanji osaika kamera yam'mwamba pamalo amodzi ndi kamlomo, kuti chimene ikuona chikhale chimene kamlomo kakhudze?

Pamalopo pali kale mwini wake. Pamwamba pa kamlomo pali kamota kokazunguza, ndipo pakati pa kamotako pamadutsa mpweya. Kamera iyenera kukhala pambali, ndipo apa ndi pamene nkhani yonse yagona: diso likuona pena, dzanja likugwira pena. Makina amaona kadontho ndi kamera, kenako amasuntha mutu ndi mtunda wodziwika kuti kamlomo kafike pamene kamera inali. Mtunda umenewu ukalembedwa molakwika ndi mamilimita 0.2, kachipangizo kalikonse pa bodi iliyonse kadzaphonya ndi mamilimita 0.2, mbali imodzimodzi, mokhulupirika.

Pali msonkho wina umene anthu amauzindikira makina atatha kale. Tinene kuti mutu umayenda mamilimita 400 kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndipo kamera ili mamilimita 40 kumanja kwa kamlomo. Kumapeto a kumanzere kuli kachigawo kamene kamlomo kamafika koma kamera siiona, ndipo kumanja kuli kachigawo kamene kamera imaona koma kamlomo sikafika. Malo ogwirika ntchito atsala mamilimita 360. N'chifukwa chake ndi bwino kuyang'ana kaye mbali imene makina anu ali ndi malo otsala, kamera n'kuisunthira mbali imeneyo. Ngati muli ndi timilomo tiwiri, kamera ikhale pakati pawo, kapena kutsogolo pang'ono kwa pakatipo, kuti kutayako kugawike.

Ndiye kuti ndiiyandikize kwambiri ndi kamlomo mmene ndingathere?

Ayi, ndipo apa ndimasiyana ndi ambiri amene amathera sabata akusema chogwirira kuti apulumutse mamilimita 5. Kuyandikira n'kwabwino, koma kumabwera pambuyo pa kulimba. Mtunda wa mamilimita 50 umene susintha ndi wabwino kuposa wa mamilimita 25 umene lero uli chonchi mawa chonchi. Pulogalamu siidandaula ndi kukula kwa nambala. Imangofuna nambalayo ikhale yoona nthawi zonse.

Zimene zimasintha nambalayo n'zodziwika. Kamera yomangirira ndi sikuluwu imodzi imazungulira pa sikuluwuyo chingwe chikaikoka. Kamera yomangirira pa mbali ya mutu imene imakwera ndi kutsika ndi kamlomo imasintha kaonedwe pa kutsika kulikonse; iyenera kukhala pa chitsulo chimene chimangoyenda m'mbali basi. Kenako pali kutentha, kumene kwa ife a kunyanja si nkhani yongomva. Zogwirira zambiri za makina odzipangira zimasindikizidwa ndi pulasitiki ya PLA, imene imayamba kufewa kutentha kukayandikira madigiri 60. Ganizirani chipinda cha malata opanda siling'i ku Chitala mwezi wa Okutobala, mota yotentha ili pafupi, sikuluwu ikukanikiza pulasitikiyo usana wonse. Siisungunuka kuti muone ndi maso. Imangogonja pang'onopang'ono, kamera n'kuwerama ndi kachigawo ka digiri. PETG imapirira mpaka cha m'ma 80. Koma kachidutswa ka aluminiyamu kopindidwa bwino, koboola mabowo anayi, kamaposa zonsezi, ndipo mmisiri aliyense wa zitsulo wodekha mtima akhoza kukupangirani.

Kachigawo ka digiri? Kupendekeka kochepa chonchi kungawononge chiyani?

Aliyense amene anagulitsapo thonje kapena mtedza kwa mavenda amadziwa chifukwa chake mlimi amakakamira kuima kutsogolo kwenikweni kwa sikelo. Muvi wa sikelo sugunda pa manambala, uli patsogolo pake pang'ono. Mukaima kumanja muwerenga kilo ina, mukaima kumanzere muwerenga ina, thumba lili lomwelo. Mpata wa pakati pa muvi ndi manambala ukakula, kusiyanako kumakulanso.

Kamera yopendekeka ili ngati munthu woima pambali pa sikelo. Bola zinthu zonse zimene ikuyang'ana zikanakhala pa msinkhu umodzi, chifukwa kuphonyako kukanakhala kofanana paliponse ndipo kukanalowa m'nambala ija ya mtunda. Koma patebulo zinthu sizilingana. Bodi yokha ndi yochindikala mamilimita 1.6, ndipo imakhala pa zoikweza. Matepi ali pa msinkhu wawo. Thireyi ya ma IC ili pa wake. Masamu ake ndi awa: kamera ikapendekeka ndi digiri imodzi, chinthu chimene chili mamilimita 10 kumtunda kapena kunsi kwa pamene munayezera chidzaoneka chitasuntha ndi mamilimita pafupifupi 0.17. Pa kachipangizo ka 0805 simungazindikire. Pa IC ya miyendo yotalikirana mamilimita 0.5, mwaphonya ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpatawo, ndipo mtovu wa mwendo umodzi wayamba kale kupatsana moni ndi wa mwendo woyandikana nawo.

Chosautsa n'chakuti digiri imodzi siioneka ndi maso. Yesani motere. Ikani kagalasi koonera nkhope chogona patebulo, pansi pa kamera. Ngati kamera yalunjika, idzaona diso lake lomwe pakatikati pa chithunzi. Ikadziona chakumbali, yapendekeka. Njira ina ndi kulemba kadontho patebulo, kuimika kamera pamwamba pake penipeni, kenako kuchita chimodzimodzi ndi kadontho kena kokwezeka ndi mtunda wodziwika, n'kuyerekeza ndi pamene kamlomo kamagunda pa misinkhu iwiriyo. OpenPnP ya masiku ano imachita zimenezi yokha: imapempha timadontho tiwiri pa misinkhu yosiyana, imayendetsa kamera mozungulira, n'kuwerengera kupendekeka ndi kupindika kwa lenzi. Ndi chida chabwino zedi. Komabe ine ndimati wongolani kaye ndi manja mmene mungathere, pulogalamu idzangomalizitsa. Imatha kukonza kupendekeka kokhazikika. Kamera yogwedera siingaithandize.

Njira yachidule yopewera mavuto ambiri ndi kukweza kapena kutsitsa matepi kuti pamwamba pake palingane ndi pamwamba pa bodi. Zonse zikakhala pa msinkhu umodzi, ngakhale woima pambali amawerenga sikelo molondola.

Italikire bwanji kuchokera pa bodi?

Palibe nambala imodzi, chifukwa zimatengera lenzi. Chimene muyenera kusankha ndi kukula kwa malo amene kamera ikuona. Makamera a USB amene ambiri amagwiritsa ntchito amajambula mapikiselo 1280 m'litali. Ngati chithunzicho chikukwana mamilimita 40 a tebulo, pikiselo imodzi ndi mamilimita 0.03, ndipo kadontho ka milimita imodzi kali ndi mapikiselo 32, okwanira bwino kupeza pakati pake. Mukaikweza mpaka izione mamilimita 130, kadonthoko katsala ndi mapikiselo 10 okha. Mukaitsitsa kwambiri, chithunzi chikula koma kamera iyamba kusochera, chifukwa bodi ikangosuntha pang'ono kadontho kamatuluka m'chithunzi, ndiponso chinthu chokwera pang'ono chimachita chimbuuzi.

Lenzi yoona patali kuchokera m'mwamba imaposa lenzi yotambalala yoikidwa pafupi, chifukwa yotambalalayo imapinda mizere m'mbali ndipo imakulitsa vuto la sikelo lija. Musaiwalenso kuti pansi pa kamera ndi nyale zake payenera kudutsa kachipangizo katalikitsitsa ka pa bodi yanu. Pa bodi ya chaja kapena ya nyale ya sola pamakhala makapasita oimirira ndi polowera USB.

Lenzi mukaizunguza mpaka chithunzi chawala, imangeni. Kadontho ka guluu kapena ka polishi wa m'zala pa mazinga ake n'kokwana. Lenzi yotakasuka imayenda yokha ndi kunjenjemera kwa makina, ndipo ikayenda muyeso wonse wa pikiselo wapita. Makamera osintha okha kaonedwe, onga a pa foni, asiyeni pa chifukwa chomwechi.

Nanga yapansi ikhale pati?

Pa funso la pati patebulo, yankho ndi panjira. Mutu umachoka pa matepi kupita pa bodi kambirimbiri, ndiye kamera ikhale pakati pa ziwirizi kuti ulendo usakhale wokhotera. Muonetsetse kuti timilomo tonse timafika pamenepo, ndi malo otsala mbali zonse, chifukwa IC yaikulu nthawi zina imajambulidwa kangapo mutu ukusuntha.

Funso lalikulu ndi la kuya kwake. Kamera yapansi iyenera kuona bwino pa msinkhu umodzimodzi ndi pamwamba pa bodi. Chifukwa chake n'chakuti kamlomo nakonso sikatsika molunjika kwenikweni. Kamapendekeka pang'ono, ngati mzati wa khonde woimikidwa ndi maso. Mukajambula kachipangizo kali m'mwamba, n'kudzakatula mamilimita 15 kunsi kwake, kamakhala katasuntha pa ulendo wotsikawo. Mukajambula pa msinkhu womwe kadzatulidwe, chimene kamera yaona ndi chimene bodi idzalandire. Ndiye boolani tebulo, mutsitse kamera pansi mpaka malo ake oonera bwino alingane ndi bodi, osati kuikweza pamwamba pa tebulo chifukwa choopa kuboola.

Ngati pansi pa tebulo palibe malo, ena amagoneka kamera cham'mbali n'kuika galasi lopendekeka madigiri 45. Zimatheka, koma galasi wamba la m'nyumba limapereka zithunzi ziwiri, china chochokera pamwamba pa galasi china kumbuyo kwake. Pamafunika galasi lonyezimira kumaso, ndipo mwadziwonjezera chinthu china choti chizigwedera ndi kutola fumbi.

Mwatchula fumbi. Kwathu kuno ndi nkhani yaikulu?

Kamera yoyang'ana kumwamba ndi mbale yoikidwa pabwalo. Mwera ukayamba mu Juni, fumbi limalowa ngakhale chitseko chili chotseka, ndipo kambewu kamodzi ka fumbi pa lenzi kamaoneka ngati mwendo wa IC. Tizipangizo togwa pa kamlomo timatheranso momwemo. Mvula ikayamba, nyale za kamera zimaitana ngumbi ndi tizilombo tina usiku, ndipo amene ali kufupi ndi madzi, monga ku Senga Bay, amadziwa zimene nkhungu zimachita zikaona kuwala. Chivindikiro cha botolo chovundikira lenzi ntchito ikatha chimathetsa zambiri. Kuika galasi lokhazikika pamwamba pake kumathandiza pokhapokha nyale zili kunja kwa galasilo. Zikakhala m'kati, kamera imangoona kunyezimira kwa nyale zake.

Kuwala kwa m'chipinda ndi mdani wina. Dzuwa la Salima ndi lokwana kuyendetsa malo opangira magetsi a mamegawati 60 ku Nanjoka, amene anatsegulidwa mu 2021. Dzuwa lomwelo likalowa pazenera cha m'ma 3 koloko masana n'kugwa patebulo, timadontho ta kopa timene kamera imationa bwino m'mawa timasanduka chiphaliwali. Makina akhale kutali ndi zenera, ndipo babu la m'chipinda lisakhale pamwamba penipeni pa kamera yapansi, chifukwa idzakhala ikuliyang'ana kuseri kwa kamlomo. Kamera iliyonse ikhale ndi nyale zake za LED zoizungulira, zophimbidwa ndi pulasitiki yoyera ya mkaka kuti kuwala kufewe, ndipo muiletse kusintha yokha kuchuluka kwa kuwala kumene ikulandira. Ngati pa chithunzi pakuyenda mizere yakuda, yang'anani ngati kamera yakonzedwera magetsi a 60 Hz a ku America; a ESCOM ndi a 50.

Mtunda wa pakati pa kamera ndi kamlomo ndiuyeze ndi chiyani? Rula?

Rula ikupatseni nambala yoyambira basi. Muyeso weniweni umatengedwa ndi makina omwewo. Matani kapepala patebulo pa msinkhu wa bodi, pakani inki ya chidindo kunsonga kwa kamlomo, mukatsitse mpaka kasiye chizindikiro. Sopo wofewa kapena dongo losalala zimagwiranso ntchito. Lembani pamene mutu unali. Kenako yendetsani mutu mpaka mtanda wa pakati pa chithunzi ukhale pakatikati pa chizindikirocho, mulembenso. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye mtunda wanu.

Pali msampha umodzi. Nsonga ya kamlomo siikhala pakati penipeni pa kamota. Mukakazunguza imajambula kabwalo kakang'ono. Chizindikiro chimodzi chikhoza kukunamizani. Dindani kanayi, mukuzunguza madigiri 90 nthawi iliyonse, mutenge pakati pa zonse. OpenPnP ili ndi njira yochenjera yochitira zomwezi: mumaipatsa kapepala kozungulira kochokera m'chiboolero cha mapepala cha mu ofesi, iyo imakatola, kukazunguza, kukatula, kukayang'ana ndi kamera, n'kubwereza kangapo mpaka itapeza pakati penipeni.

Mukamasula kamera, mukagunditsa mutu, kapena mukanyamula makina pa kabaza kupita nawo kwina, yezaninso.

Chingwe cha kamera chili ndi nkhani?

Chili nayo, yochepa koma yowawa. Chingwe cha kamera yam'mwamba chimapindika pa ulendo uliwonse wa mutu. Chimangeni pa chitsulo cha mutu chisanafike pa kamera, kuti kukoka kwake kuthere pamenepo. Chitalikitseni ndi mawaya a mamota. Makamera awiri akamakana kuyaka limodzi, kawirikawiri n'chifukwa chakuti mwawalowetsa pa kabokosi kamodzi ka USB. Apatseni mabowo osiyana pa kompyuta.

Kodi zonsezi si kukokomeza? Ndinamva kuti mtovu ukasungunuka umakokera wokha kachipangizo pamalo pake.

Munamva zoona. Mtovu wosakaniza ndi tini umasungunuka pa madigiri 183, wopanda mtovu weniweni cha pa 217, ndipo ukakhala madzi umakoka kachipangizo kopepuka n'kukakhazika pakati, monga mmene dontho la madzi limadzikundikira pa tsamba la koko. Ngati bodi yanu ili ndi ma 0805, ma LED akuluakulu ndi IC ya miyendo yotalikirana mamilimita 1.27, monga mabodi ambiri a nyale za sola, mukhoza kuyamba ndi kamera yam'mwamba yokha, yomangidwa molimba, yapansi n'kudzawonjezera mtsogolo. Musachedwe kuyamba chifukwa chofuna makina a fakitale.

Kukokako kuli ndi malire. Kachipangizo ka 0402 kakagwira mtovu mbali imodzi yokha, mbali imeneyo imakakoka mpaka kaimirire ngati chipilala cha pamanda, ndipo anthu a ntchitoyi amakutchuladi choncho. IC yophonya ndi theka la mpata wa miyendo imakokedwa kupita kolakwika.

Kuti mudziwe pamene makina anu ali musanawononge phala, matani tepi yomata mbali zonse pa bodi yopanda kanthu, muuze makina aike tizipangizo pamenepo, kenako muyang'ane ndi kamera yomweyo. Ngati tonse taphonyera mbali imodzi mofanana, mtunda wa kamera ndi kamlomo ndi wolakwika. Ngati kuphonyako kukusintha mbali malinga ndi mmene kachipangizo kazungulira, vuto lili pa nsonga ya kamlomo kapena pa malo amene munalemba a kamera yapansi. Ngati kukukula mukamapita kumapeto a bodi, yang'anani malamba ndi ngodya za makina. Ngati m'mawa zinali bwino koma masana zaphonya, gwirani chogwirira kamera ndi chala mumve kutentha kwake.